Lipoti la msonkhano wa osoka: za mati zathu ziwiri zodulirapo nsalu

Amayi apampando, amayi msungichuma, ndi inu nonse amayi anzanga a gulu lathu losoka la kuno ku Kawale, landirani moni. Munandituma ku msonkhano wa osoka umene unachitika Loweruka lapitali mu holo ya tchalitchi ina ku Area 18. Ndinapita ndipo ndabwerako bwino. Ndalemba lipotili kuti muwerengeretu pa foni lisanafike Lachinayi, chifukwa muli nkhani yokhudza ndalama za gulu imene tiyenera kumanga chimodzi.

Kunabwera magulu a ku Area 25, ku Likuni, ku Chinsapo ndi ku Lumbadzi, komanso matelala angapo achibambo amene amasokera m'makonde a masitolo ku Bwalo la Njobvu. M'mawa tinakamba za mitengo ya zikwama ndi za makasitomala otenga katundu pangongole. Pamenepo sindichedwapo, ndi madandaulo omwe aja timakamba tokha, ndipo palibe chatsopano chimene ndinatolapo. Chimene munanditumira chinali cha masana. Munati ndikafunse ngati mati zathu ziwiri zija zathadi ntchito, kuti ndalama imene tasonkha tigulire yatsopano. Yankho limene ndabwera nalo ndi lakuti tisagule kaye. Imodzi ikhoza kutigwirirabe ntchito, inayo yathadi pa zodulira koma isatayidwe.

Amene ankatiphunzitsa ndi mayi wachikulire amene wakhala zaka zambiri akusoka zofunda za zigamba. Anayamba ndi kutionetsa chidutswa cha mati yakale imene anaidula pakati, n'kutiuza kuti tiyang'ane m'mbali mwake. Ine ndinkaganiza kuti mati ndi chipulasitiki chimodzi basi. Ayi, ndi magawo osanjikizana a pulasitiki wa PVC, lapakati lolimba kuti mpeni usaboole, akunja ofewa. Ogulitsa amati matiyi imapola yokha ikachekedwa. Mayiyo anati tisamve molakwa mawu amenewo. Mpeni wakuthwa ndi woonda umangopatula pulasitikiyo pang'ono, ukadutsa mbali ziwirizo zimabwererana n'kutseka, koma chilondacho chimakhalapobe. Mpeni wobuntha, kapena wogwiridwa chopendama, sumapatula koma umakumba, ndipo pulasitiki amene wakumbidwayo sabwereranso. Ndi mmene imabwerera mingolingoli ija timaimva ndi chikhadabo pa mati yathu.

Apa mpamene ndinaona kuti vuto lathu lalikulu ndi mpeni. Kampeni kagudumu timadulira nsalu kaja, kokhala ndi lezala yozungulira ngati gudumu, kanayamba kupangidwa ndi kampani ya Olfa ya ku Japan mu 1979, ndipo kasanabwere osoka zigamba ankadula chidutswa chimodzichimodzi ndi sizasi potsata zikombole za katoni. Kathu ndi ka lezala ya mamilimita 45. Ndikufunseni, amayi anzanga, ndi liti tinasintha lezala yake? Ine ndikukumbukira kamodzi kokha chaka chino. Ikabuntha timangowonjezera mphamvu, n'kubwereza kawiri katatu pamalo amodzi. Timaona ngati tikupulumutsa ndalama ya lezala, pamene tikuwononga mati imene ndi yodula kuposa lezalayo kutali.

Mati imadwala matenda atatu, ndipo amodzi okha ndi amene amachira bwinobwino. Amenewa ndi a ubweya wa nsalu. Tikamadula chitenje, makamaka tikamadula thonje lija timaika m'kati mwa zofunda, timaulusi timatsalira m'zilonda za mati n'kuzikanula kuti zisatseke. Tinatsuka mati imodzi pomwepo aliyense akuona, ndiye ndilemba bwino mmene tinachitira. Poyamba tinaipukuta ndi labala ya ana asukulu yofufutira pensulo, motsata mizere, ndipo munatuluka timinyololo ta ubweya tambiri moti tonse tinadabwa. Kenako tinaiviika m'madzi ozizira othira viniga woyera, kota ya kapu pa malita 4 aliwonse, kwa mphindi 15 mpaka 20. Itatha nthawi imeneyo tinadonthezamo sopo wamadzi wotsukira mbale pang'ono, n'kukwecha mofatsa ndi mswachi wofewa. Titatsukuluza tinaipukuta ndi nsalu, n'kuigoneka pansi pamthunzi kuti iume.

Madzi akhale ozizira, osati ofunda. Mchenga, phulusa ndi sitiwulu ndi za mapoto, pa mati zisafike, ngakhalenso mankhwala oyeretsa zovala. Ndipo poviika iyenera kugona chathyathyathya. Apa ndinakweza dzanja, chifukwa zathu ndi zazikulu zija za masentimita 60 ndi 90, sizingalowe m'beseni lililonse limene tili nalo. Mayi wina wa ku Chinsapo ndi amene anandithandiza. Iye amayala pepala la pulasitiki lofolerera nyumba pa simenti ya pakhonde, n'kutchinga m'mbali ndi njerwa pansi pa pepalalo, limakhala ngati kadziwe kosaya, mati n'kugonamo yonse. Nzeru imeneyi yokha inandibwezera ndalama ya minibasi.

Panabuka mtsutso pang'ono. Ena ankati madzi a viniga amabwezera mati mwakale, imakhala ngati yatsopano. Bambo wina telala anakana, amvekere pulasitiki si chikopa kuti amwe madzi. Ine ndinapita kukaigwira itauma, ndipo ndikugwirizana ndi bamboyo. Zilonda zazing'ono zinatsekadi chifukwa ubweya unachoka, mati inaoneka yosalala ndi yoyera, koma mingolingoli yakuya inali pomwepo. Choncho pasakhale wina wokhumudwa Lachinayi akaona kuti sizinafafanizike zonse.

Mingolingoli imeneyo ndiye matenda achiwiri. Sichira, koma munthu akhoza kuizemba. Tonsefe timayambira kudula pa ngodya yakumanzere pamene pali ziro, chifukwa timayeza ndi manambala olembedwa pa mati. N'chifukwa chake yathu yobiriwira ija yadyeka mbali imodzi pamene mbali inayo ikadali yabwino. Mphunzitsi uja anati kuyeza ndi ntchito ya lula, mati ndi pogonekapo nsalu chabe. Tikazolowera kuyeza ndi lula tikhoza kuizunguza mati, lero mbali iyi mawa inayo, ndiponso kuitembenuza n'kumadulira kumsana kwake, kumene ife sitinakukhudzepo chigulireni. Anatipatsanso njira yodziwira wolakwa. Ikani lezala yatsopano, dulani chidutswa chimodzi cha nsalu. Ngati ulusi ukutsala wosaduka pamalo omwewo a mati nthawi zonse, vuto ndi mati. Ngati ukutsala motalikirana mofanana paliponse pamene mwadula, ndiye kuti lezala yabenthuka.

Achitatu ndi kupindika, ndipo amenewa andiwawa mtima chifukwa tinawaitana tokha. Mati imadana ndi kutentha. Yathu yachiwiri ija tinaiimika chotsamira khoma pafupi ndi zenera mwezi wonse wa Okutobala chaka chatha, m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Komanso ndivomere pamaso panu kuti tsiku lina nditafulumira ndinasitira msoko pamwamba pake ndi simbi ya makala, nditangoyalapo chitenje. Chithumba chili pakati chija ndi changa, ndipo mundikhululukire. Ndinafunsa ngati pali mankhwala ake. Ena anati iikidwe padzuwa pa simenti yosalala mpaka ifewe, kenako ipanikizidwe ndi thabwa ndi njerwa usiku wonse. Mphunzitsi anati nthawi zina imawongokako, koma kawirikawiri chithumba chimabwerera, ndipo mizere yake siikhalanso yoona. Kudulira zigamba pa mati yotere n'kuwononga chitenje, chifukwa zidutswa zimatuluka zosiyana ndipo ngodya sizikumana posoka.

Tsono mverani chimene chinandisangalatsa kuposa zonse. Gulu la ku Area 25 linabwera ndi zikwama zachitenje zoima zokha pa tebulo, pansi pake mowongoka bwino. Nditapisa dzanja ndinapeza kuti pansi aikapo chidutswa cha mati yakale, atachisokera kathumba kake ka nsalu. Mukudziwa mmene timavutikira ndi pansi pa zikwama zathu. Timaika katoni, ndipo dzinja likangofika kasitomala amabwera nacho chitafota ngati tsamba. Mati siopa madzi, siithyoka, ndipo mwini chikwama akhoza kuisolola akafuna kuchapa. Ndawerengera ndili m'minibasi pobwerera: pansi pa zikwama zathu zapakati ndi masentimita 10 ndi 30, ndiye kuti mati ya 60 ndi 90 ikanatulutsa zidutswa 18. Tikachotsa pachithumba paja mwina titsala ndi 12. Zimenezo ndi zikwama 12 zimene tingazikwezeko mtengo popanda manyazi.

Kadulidwe kake kamafuna kudekha. Osagwiritsa ntchito kampeni kagudumu kapena sizasi ya nsalu, zingabunthe tsiku lomwelo. Pamafunika mpeni wa lezala wa akalipentala uja ndi lula yachitsulo, pansi pali thabwa. Osalimbana kuti iduke kamodzi, koma kudutsamo kangapo mopepuka, zala zili kutali ndi njira ya mpeni. Ngodya zonse zinayi zizunguliridwe n'kukwechedwa ndi sandipepa, apo ayi zidzaboola nsalu.

Zotsala zake zilinso ndi ntchito. Anationetsa zikombole za zigamba, zamakona anayi ndi zamakona atatu, zojambulira ndi choko. Sizidyeka m'mbali ngati za katoni, koma podula tizikumbukira kuwonjezera malo a msoko, pafupifupi mamilimita 6 mbali iliyonse. Kachidutswa kena kamakhala pambali pa makina kodulirapo timsonga, kena n'kokhomerapo mabatani achitsulo ndi kuboolerapo malamba kuti tebulo lisaonongeke.

Pali zinthu ziwiri zimene anatiletsa mwamphamvu, ndipo ndikuzibwereza chifukwa ndikudziwa mmene timachitira kunyumba. Chidutswa cha mati chisapite kukhitchini kukadulirapo tomato kapena nyama, sichinapangidwire chakudya ndipo zilonda zake zimasunga litsiro. Chinanso, zinyenyeswa zake tisakolezere mbaula kapena kuziotcha kudzala, utsi wa PVC ndi poizoni.

Za ndalama ndinene mwachidule. Mati, malezala ndi malula onsewa amachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake sinaimepo. Anzathu onse ankadandaula kuti ngakhale ndalama ili m'manja, malezala amasowa m'masitolo. Ndiye pempho langa ndi ili. Ndalama imene tasonkha tiyambe tagula malezala a mamilimita 45 okwanira miyezi ingapo, yotsalayo ikhalebe m'thumba podikira tsiku limene mati yobiriwira idzathedi mbali zonse ziwiri. Lezala yobuntha tiziilemba chizindikiro n'kuisungira kudulira mapepala a mapatani, ndipo ikatheratu tiziikulunga bwino tisanaitaye, chifukwa ana athu amasewera pansi pa matebulo omwewa. Ndikupemphanso kuti tisankhe munthu mmodzi woyang'anira mati, woonetsetsa kuti tikaweruka yagona chathyathyathya pa tebulo, yafunditsidwa nsalu, kutali ndi zenera ndi simbi. Ikamapita kwina isapindidwe ngati mkeka pa kabaza, ipanidwe pakati pa makatoni awiri.

Lachinayi ine ndibwera ndi viniga, labala ndi mswachi. Amayi amene amuna awo ndi kalipentala, chonde mutibwerekere mpeni, lula yachitsulo ndi sandipepa. Wina abwere ndi pepala la pulasitiki, njerwa zilipo kale kuseri. Tiyambe ndi kuviika yobiriwira ija 8 koloko m'mawa dzuwa lisanafike pakhonde, ndipo pamene ikuuma tikambirane ngati mwavomera kuti inayo idulidwe. Sindiikhudza ndi mpeni mpaka gulu litalola. Amayi msungichuma, chenji cha ndalama ya ulendo ndi lisiti ya kulembetsa ndili nazo, ndidzakupatsirani pamanja tsiku lomwelo.