Wofuna Comrades aphunzire kuthamanga mofatsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale athu, a kuno kumudzi ndi amene ali ku South Africa, omwe mtima wawo uli pa Comrades Marathon, mpikisano wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Mpikisanowu unayamba mu 1921 ndipo othamanga amapatsidwa maola 12 basi. Nthawi ikakwana, ngakhale mzere womaliza mukuwuona ndi maso, mendulo palibe. Kuti akulembeni, muyenera kuyamba mwamaliza marathon ya makilomita 42.2 m'nthawi imene eni mpikisano amaika, yomwe sipitirira maola asanu.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti anyamata ndi atsikana amphamvu amadziwononga pokonzekera chifukwa tsiku lililonse amathamanga mwa wefuwefu. Komatu maola 12 pa mtunda umenewu ndi pafupifupi mphindi 8 pa kilomita. Chofunika ndi thupi lozolowera kukhala pamsewu tsiku lathunthu. Pa maulendo asanu alionse, anayi akhale ofatsa moti mutha kucheza ndi mnzanu osabanika.

Mpikisano umachitika cha mu June, choncho January azikupezani mukutha makilomita 40 kapena 50 pa sabata. Onjezerani pang'onopang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi pa sabata, ndipo sabata yachinayi iliyonse chepetsani. Mtima ndi mapapo zimalimba msanga, koma mafupa ndi mitsempha zimachedwa. N'chifukwa chake wowonjezera mwaphuma amayamba kumva kuwawa pa msongolo kapena kuchidendene pamene mpweya akadali nawo wambiri. Ulendo wautali ukhale kumapeto kwa sabata. Nthawi zina chitani makilomita 30 Loweruka ndi 20 Lamlungu, kuti miyendo idziwe kugwira ntchito itatopa kale. Ulendo wautali koposa, wa makilomita 50 mpaka 60, uchitike kutatsala masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Masabata atatu omaliza ndi ochepetsa. Mukadwala malungo kapena thupi likatentha, imani mpaka muchire.

Tsopano za mapiri. Njirayi ili ndi zitunda zisanu zotchuka, Cowies Hill, Fields Hill, Botha's Hill, Inchanga ndi Polly Shortts, ndipo kawirikawiri amasinthasintha: chaka china kukwera kuchokera ku Durban, china kutsika. Musanyengedwe kuti kutsika n'kophweka. Pamtsetse, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira mabuleki pa phazi lililonse ndipo imang'ambika pang'onopang'ono. Chaka chotsika, pofika pa Fields Hill, makilomita oposa 60 ali kale m'miyendo, ambiri ntchafu zimakhala zauma gwa. Mankhwala ake ndi kuphunzira kutsika: kuponda pafupipafupi, osatambalitsa miyendo, kamodzi pa masabata awiri. Msewu wokwera ku Ku Chawe pa phiri la Zomba ndi wabwino pa ntchito imeneyi. Pachitunda yendani, ndipo yambani kuyenda musanatope: mphindi imodzi kuyenda, zinayi kuthamanga. Palibe chamanyazi pamenepo.

Mimba nayo imafuna kuphunzitsidwa. Shuga amene thupi limasunga amatha pakadutsa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, choncho yambani kudya ola loyamba lisanathe, pafupifupi magalamu 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola. Nthochi yakupsa imodzi ili ndi pafupifupi magalamu 25. Mbatatesi yophika yothira mchere, imene amagawanso m'njira ya Comrades, imathandiza pamene zotsekemera zakukolani. Zonsezi muziyese pa maulendo ataliatali. Chakudya chachilendo pa tsiku la mpikisano chimatsegula m'mimba.

Madzi imwani ludzu likakugwirani. Ambiri amakwana ndi mamililita 400 mpaka 800 pa ola. Wothamanga mofatsa amene amamwa pa tebulo lililonse logawira madzi m'njira akhoza kusungunula mchere wa m'magazi: zala zimatupa, mutu umawawa, amasanza, amasokonekera, ndipo ena amafa. Munthu wotero safunika madzi ena, akufunika achipatala. Ndipo chonde, musamwe ibuprofen kapena diclofenac pothamanga. Impso zimakhala zikulandira kale magazi ochepa, ndipo mankhwala amenewa amaonjezera vutolo.

Nsapato zikhale zoti mwathamanga nazo kale, zotsala mpata wa chala chachikulu cha kumanja kutsogolo, chifukwa mapazi amatupa. Wengani zikhadabo kutatsala masiku angapo, pakani Vaseline m'mphechepeche ndi m'khwapa, ndipo abambo matani pulasitala pa nsonga za mawere. Pa tsikulo, yesetsani kufika pa Drummond, pakati pa njira, mukumva kuti mphamvu zikadalipo. Wofika pamenepo atathodoka adziwe kuti kutsogolo kukadali marathon yathunthu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa othamanga mitunda italiitali,
Zomba