CV ija ndaiona, mnzanga

Chilenje, Lusaka

Mnzanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Johannesburg kumeneko. Kuno tadzuka, kungoti dzuwa likuotcha kwabasi.

CV ija unanditumizira pa WhatsApp ndinaiwerenga dzulo m'minibasi, titaima pa Kamwala chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto. Masamba 5, mnzanga! Ndinaseka ndekha mpaka kondakitala anandicheukira. Ukudziwa kuti ku ofesi kwathu ndine amene ndimatsegula maenvelopu a ofunsira ntchito. Tikangolengeza malo amodzi a wosunga katundu, katoni imadzaza, ndipo abwana amangoponya diso patsamba loyamba. Lako ladzaza ndi chithunzi chako cha paukwati, dzina la mudzi, ndi chiwerengero cha ana. Zoti wakhala zaka 6 ukuyendetsa forklift zabisala kutsamba lachinayi.

Choyamba, fufuta nambala ya NRC, chitupa chako cha unzika chija. Pepalali limadutsa m'manja ambiri: kwa mnyamata wosindikiza ku Cairo Road, kwa mlonda wa pageti, kenako kwa ine. Nambala imeneyo ndi imene munthu amalembetsera SIM card ndi mobile money, ndiye usamaimwaze ngati chimanga cha nkhuku. Akanena okha kuti akufuna kopi, ipite payokha.

Pomwe ndinakhala chete ndi pamene walemba kuti ndiwe Mchewa wa ku Katete, wa mpingo wa Reformed Church. Sindikukuuza kuti uchite manyazi ndi kwanu. Ku Kulamba ku Mkaika tidzapitabe limodzi. Lamulo la ntchito la 2019 limaletsa kusankha munthu chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo, ndipo "One Zambia, One Nation" tonse tinakula tikuiimba. Koma mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Wowerengayo sukumudziwa, nanga umupatsirenji chodzikhululukira? Zoti umalankhula Chinyanja, Chibemba ndi Chizulu, zimenezo zisiye, n'zothandiza pantchito.

Zotsatira za Grade 7 ndi Grade 9 zichoke, satifiketi ya Grade 12 ya bungwe la mayeso la ECZ yakwana. Malipiro a marandi aja nawonso achoke, mudzakambirana pamaso. Zoti umachemerera timu ya mpira ya Zanaco uzidzandiuza ine.

Tsono mzere uja wakuti unasiya ntchito chifukwa abwana anali ankhanza. Ine ndinachitapo zimenezo ndisanapeze pano. Ndinalemba kuti kampani ina inkachedwetsa malipiro, zomwe zinali zoona ndithu. Ku intavyu mayi wina anaika chala pamzere womwewo, magalasi ali pamphuno, n'kundifunsa kuti, "Ndiye nafenso tikachedwa, mudzatilemba?" Thukuta linayenderera kumsana. Za ntchito imene ndinkaidziwa sanandifunsenso, ndipo foni sinalire. Iwe ungolemba chaka chomwe unayamba ndi chomwe unasiya.

Amalume ako uwachotsenso pa anthu okuchitira umboni. Amakukonda, inde, koma sanakuonepo ukuwerengera katundu. Ika kapitawo wako wa kumeneko, ndipo uyambe wamupempha.

Ikonze ikhale masamba 2, unditumizire Lachisanu lisanafike, ndidzakusindikizira kuno. Undiuzenso tsiku lomwe basi yako idzafike pa Intercity ndidzakuchingamire. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa masiku onse.