Musanafufute ma backup akale, tsegulani kaye muone

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga ojambula maukwati ndi zinkhoswe, komanso inu a m'ma stationery amene mumasunga mafayilo a anthu, pa nkhani ya ma external hard drive athuwa akadzadza.

Ine ndimajambula kuno ku Lilongwe, ndipo aliyense wa ntchitoyi akudziwa kuti ukwati umodzi kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani umadya malo osati masewera. Drive ya 1TB ukangoilumikiza imaonetsa 931GB basi, osati akuba kusitolo ayi, opanga amawerengera pa 1000 pomwe Windows imawerengera pa 1024, ndiye pakangodutsa miyezi ingapo kamzere kabuluu koonetsa malo a pa drive kaja kasanduka kofiira.

Zinandionekera chaka chatha. Lachisanu usiku, mawa lake ukwati, drive yafiira ma memory card nawo ngodzadza. Ndinaona foda yolembedwa "backup yakale", mumtima ndinangoti izi zilinso pa laptop, ndiye Shift ndi Delete, kufufuta kosadutsa mu Recycle Bin, zonse zapita. Ndinali nditaiwala kuti mafayilo amenewo ndinachita kuwasamutsa ndi cut, osati copy, nthawi ina laptop itayamba kuchedwa. Ndiye apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, chinthu chikakhala pa external pokha imeneyo si backup ngakhale fodayo mwailemba dzina limenelo, ndi kope lokhalo lomwe muli nalo.

Patapita miyezi iwiri kunabwera mayi wina amene ndinajambula chinkhoswe chawo, bambo awo anali atamwalira ndipo disiki yomwe ndinawapatsa inakalika siimasewera. Amangofuna kagawo kamene bambowo ankapereka malangizo kwa ana. Ndinayesa Recuva, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutidwa, usiku wonse koma pamalo paja ndinali nditaikapo kale maukwati ena. Mukafufuta fayilo pa hard drive sichokeratu nthawi yomweyo, kompyuta imangolemba kuti malowa ndi aulere, ndiye mukazindikira msanga n'kusiya kuikamo zinthu mwayi woibweza umakhalapo, koma mukangoikamo zatsopano zimalemba pamwamba pa zakalezo basi zatha.

Sindikunena kuti tisamafufute, ndalama yogulira drive yatsopano mwezi uliwonse tiitenga kuti. Koma yambani ndi zinyalala zenizeni. Ine nditakhala pansi ndinapeza memory card imodzi nditaikopera katatu m'mafoda osiyana, mafilimu amene ndinaonera kalekale, ndi tizidutswa ta vidiyo tojambula pansi kamera itaiwalika yoyaka. Komanso ambiri sadziwa kuti external hard drive imakhala ndi Recycle Bin yakeyake yobisika, munthu amafufuta n'kudabwa kuti malo sakuwonjezereka, kenako amayamba kufufuta zofunika pomwe akanangokhuthula bin ija.

Kwa amene mumagwiritsa ntchito File History ya Windows, imene imasunga makope a mafayilo anu, chonde musalowe mufoda yake n'kumachotsa ndi manja. Pitani ku Control Panel, File History, Advanced settings, pali pamene palembedwa Clean up versions, mumasankha nokha kuchotsa zopitirira mwezi umodzi, miyezi 6, chaka, kapena kusiya zatsopano zokha. A Mac inu pulogalamu yanu ya backup ya Time Machine imachotsa yokha zakale kwambiri drive ikadzadza. Chimene chimandiopsa kwambiri ndi mapulogalamu aja amapanga backup yaikulu imodzi kenako tating'onoting'ono tongosunga zimene zasintha. Munthu amaona fayilo yaikulu ya deti yakale n'kuti iyi ndiye yondidyera malo, osadziwa kuti tating'ono tonse tija tikutsamira pa yomweyo, ikachoka tonse tasanduka topanda ntchito.

Ena amati ingoikani pa intaneti. Google imapereka 15GB yaulere ndipo yomweyo mukugawana ndi Gmail, Google Photos ndi backup ya WhatsApp ya pa foni za Android, vidiyo ya ukwati singakwanemo, nanga bundle yake? Pa zithunzi zosankhika ndi zikalata zimathandiza ndithu. Pa mavidiyo ine ndinalimba mtima n'kugula drive yachiwiri, imakhala kwa achemwali anga, chifukwa ma drive awiri m'chikwama chimodzi wakuba amanyamula onse, magetsi akabwera mwamphamvu atha kupsa onse ngati ali olumikiza. Pano ndisanafufute foda ndimalumikiza inayo, ndimatsegula vidiyoyo n'kuiona ikusewera koyambirira, pakati ndi kumapeto, kuona dzina la foda kokha sindikukukhulupiriranso. Makasitomala nawo ndimawauza poyera kuti ndidzasunga ntchito yawo mpaka liti, abwere ndi flash atenge kope lawo.

Mayi aja ndinawapezera zithunzi zochepa zimene zinatsalira mu WhatsApp, chimodzi bambo awo atagwira maikolofoni atavala jekete lotuwa. Anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti "chabwino achimwene, zimachitika", ananyamula zithunzizo n'kumapita. Mawu a bambo awo sanawamvenso.

Wojambula zithunzi,
Lilongwe