Mwana wanga amatsegulira anzake masamba oletsedwa kusukulu, nditani?

Ambuya,

Landirani moni kuchokera kuno ku Chipata. Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa zitenje pamsika wa Kapata, ndipo bambo a anawa anatisiya kalekale. Chandilembetsa kalatayi ndi mwana wanga woyamba, mnyamata wa giredi 12 pasukulu ina yogonera komweko m'chigawo chino cha Kummawa. Sukuluyo sinditchula, poti nkhani ikadali m'manja mwa aphunzitsi.

Pasukulupo pali chipinda cha makompyuta ndi Wi-Fi yoti ana azifufuzira za maphunziro. Aphunzitsi anatseka Facebook, TikTok, YouTube, masamba obetcherana ndi a zolaula. Mafoni ndi oletsedwa, ngakhale tonse tikudziwa kuti ena amabisa m'matilesi. Ahedi atandiitana anandiuza kuti mwana wanga ndiye wakhala akuzembetsa anzake kuti azilowa m'masamba otsekedwawo, pa makompyuta a sukulu ngakhalenso pa mafoni obisa aja, ndipo ena amamupatsa K5 kapena K10 akawathandiza.

Nditakhala naye pansi sanakane. Anandifotokozera kuti intaneti ya sukulu imayang'ana dzina la tsamba lililonse limene mwana akufuna kutsegula, likakhala pamndandanda wa zoletsedwa imakana. Koma pali chimene amati VPN, chimene chimabisa zonse n'kuzidutsitsa pa kompyuta ina ya kudziko lakutali, moti ya sukulu ija siidziwanso kumene mwanayo walowera. Ine ndinamva msanga, chifukwa ndi momwe ena amasiyira chipata cha Mwami n'kudzera njira zozembera malire za zalewa ndi katundu kumutu.

Akuti iye anayamba chifukwa cha Chemistry. Mankhwala oyesera m'labu ndi ochepa, ana m'kalasi ndi ambirimbiri chiyambire maphunziro aulere mu 2022, ndipo pa YouTube pali aphunzitsi amene amaonetsa pang'onopang'ono zimene iye amangoziwerenga m'buku. Apa ndimamukhulupirira, Ambuya. Mwanayu pa holide amagona mochedwa akuyankha mapepala akale a mayeso a ECZ, ndipo kuyambira giredi 8 pomwe anayamba Computer Studies, amalonda anzanga foni ikawavuta amati "itanani mwana wa mayi wa zitenje uja." Ndakhala ndikunyadira luso limeneli. Ndiye ndikafunsidwa, ndinena kuti kutseka YouTube yonse chifukwa cha zoipa zimene zilimo n'kulanga ndi ana ofuna kuphunzira omwe. Bwenzi atasankha maphunziro abwino n'kuwatsegulira.

Koma mtima wanga sukupumira pamenepo. Anzake amene anawatsegulira sankafuna Chemistry. Ahedi akuti kamnyamata kena ka giredi 10 kanathera kubetcha ndalama zonse zimene makolo ake anakatumizira pa foni, za sopo ndi zokwerera basi, pomwe juga ndi yoletsedwa kwa ana osakwana zaka 18. Ena amaonera zinthu zoti sindingazilembe muno. Ndikaganiza za mayi wa mwana ameneyo, mwina mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi amene anagulitsa mtedza kuti apeze ndalamazo, misozi imalengeza. Mwana wanga akuti iye anangotsegula, zimene munthu wachita akalowa n'zake. Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa tulo kuposa china chilichonse. Ndinamulera kuti azimva chisoni ndi mnzake, nanga kuuma mtima kumeneku wakutenga kuti? Ndipo ndalama ankalandirazo, zingachepe bwanji, zikusonyeza kuti ankadziwa kuti akugulitsa chinthu choletsedwa.

Nditamukalipira anandiyankha mwaulemu, koma mondibaya. Anati, "Amayi, pa 12 Ogasiti 2021, tsiku lachisankho, WhatsApp ndi Facebook zitatsekedwa dziko lonse, si akuluakulu amene ankathamangira VPN? Pamsika ankatiitana ife ana kuti tiwaikire. Tsiku lija inali nzeru, lero yasanduka mlandu?" Zoona zinachitikadi choncho. Mumtima ndikudziwa kuti kutseka anthu aakulu pakamwa tsiku loponya voti n'kosiyana ndi sukulu imene ikuteteza ana amene makolo tinaisungitsa. Koma mawu oti ndimufotokozere mpaka amve anandithawa, ndipo iye anaona ngati wandigonjetsa.

Tsopano pavuta ndi apa. Ahedi akuti alembe mayina a onse amene anawathandiza, ndipo akatero chilango chake chichepa. Akakana amuchotsa kogona, azidzangobwera kudzalemba mayeso. Mwanayo wakanitsitsa. Akuti sangapereke anzake, komanso akuopa kuti akamumenya usiku kuhositelo. Mantha amenewo si achabe, amene anagonako kusukulu akudziwa. Mayeso a giredi 12 ayandikira, sukulu ili kutali ndi kwathu, ndipo ndalama zomuchitira lendi pafupi ndilibe. Ya bodingi yomweyi ndimachita kutolera pang'onopang'ono ku chilimba.

Achibale nawo agawanika. Amalume ake akuti mankhwala ndi chikoti ndi kumulanda chilichonse chokhala ndi batani mpaka amalize sukulu. Mng'ono wanga, amene ndi namwino, akuti ndisaphe luso la mwana, mwina ndi lomwe lidzatidyetse, ndipo sukulu ikanachita bwino kumupatsa ntchito yothandiza aphunzitsi kutseka mipata imene iye waipeza. Maganizo a mng'ono wangawa amandikomera, koma ndikuopa kuti anzake angaone ngati wolakwa wapatsidwa mphotho. Ndipo kodi ine, mayi wapamsika, ndingakayambe bwanji kuuza ahedi zochita?

Palinso za malamulo. Ahedi anatchulapo kuti dziko lino lili ndi lamulo la milandu ya pa intaneti, limene linakhazikitsidwa mu 2021 n'kusinthidwa mu 2025, ndipo kuseweretsa makompyuta a eni popanda chilolezo si nkhani yaing'ono. Sananene kuti apita kupolisi, koma chichokereni mu ofesi muja mtima uli m'mwamba. Kodi zimene wachitazi zingamufikitse kumeneko? Ndikafunse kwa yani, ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, kapena ku ofesi ya maphunziro ya boma lathu? Ndamvanso kuti ma VPN aulerewa ena amaba manambala achinsinsi a munthu. Pa holide ankagwiritsa ntchito foni yanga, momwe muli ndalama zanga zonse za malonda. Ndichite chiyani kuti nditsimikize kuti zili bwino?

Ambuya, ndithandizeni makamaka pa mayinawa. Ndimukakamize alembe kuti apulumutse mayeso ake, kapena pali njira ina yoti avomere kulakwa kwake, abweze ndalama anatengazo, apepese kwa makolo a kamnyamata kaja, popanda kumuika m'manja mwa anzake okwiya? Nanga ndimuuze mawu otani kuti aone kuti wotsegulira ena njira yoipa ali ndi gawo pa zimene zawagwera? Andiitananso kusukulu pamodzi ndi a komiti ya makolo mwezi uno usanathe, choncho chonde musachedwe kundiyankha.

Ine mayi wodandaula,
Kapata, Chipata