Za khadi lako ndi ndalama za pa msewu

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, kupatula mwendo wa amayi ako womwe uja. Nkhani ya ku Tete yatipeza, ndipo usafunse kuti watiuza ndani. Tamva kuti unagona pa mzere wa mathiraki wopanda ndi ya mbale ya nsima yomwe, mpaka unakatenga katapila kwa mnzako uja, chikhalirecho mu akaunti muli ndalama. Chandiwawa n'chimenecho. Ukanakhala kuti ulibe, ndikanangokumvera chisoni. Koma munthu wa ndevu zake, wa pabanja, kufa ndi njala ndalama ali nazo?

Khadi lako likalowa m'makina a ATM kunja kwa Malawi, odya amakhala atatu. Banki ya eni makinawo imadula yake. Banki yako kuno imadulanso yake chifukwa watapira kunja. Wachitatu saoneka pa risiti, amabisala mu reti yosinthira kwacha kupita ku metikali, randi kapena shilingi, ndipo nthawi zambiri amadya molingana ndi kuchuluka kwa ndalama watapazo. Awiri oyambawo ndiwo akukupweteka iwe, chifukwa gawo lina la zomwe amadula silisintha, utape zochepa kapena zambiri. Tiyerekeze kuti ukatapa kamodzi amadula K5,000. Ukatapa ku Tete ya chakudya, ku Chimoio ya mayunitsi, pa Inchope ya malo oimikapo, ku Beira kawiri, pobwerera kamodzi, wataya K30,000 osagula nayo kanthu. Ukanatapa kawiri kokha ikanapita K10,000. Khalidwe limeneli unali nalo uli ku pulayimale, ndalama ya sabata yonse yothera pa zitumbuwa, chimodzichimodzi, Lachitatu n'kumalira. Pano zitumbuwazo akudya ndi a banki.

Ndiye khala pansi usananyamuke, uwerengere: masiku angati kupita, angati kudikira kupakira, chakudya pa tsiku, kusamba, mlonda wa pa malo ogona. Uwonjezerepo masiku atatu a tsoka, chifukwa pa boda pepala limodzi likasowa umakhala pomwepo. Kenako utape kamodzi zokwanira. Makina ambiri ali ndi malire a ndalama zomwe amatulutsa pa kutapa kumodzi, ndipo malirewo amasiyana banki ndi banki. Ukaona kuti makina akukupatsa zochepa kwambiri, yesa a banki ina m'malo molowetsa khadi katatu pomwepo, katatu konse akudula.

Kuona balansi pa makina akunja nako amadula. Kufunsa ndalama zoposa zomwe uli nazo, makina n'kukana, mabanki ena amadulanso. Balansi uzionera pa foni.

Makina ena amakufunsa ngati akusinthire okha, n'kukuonetsa mtengo wake m'ndalama ina osati ya dzikolo. Zimaoneka ngati akukuchitira chifundo. Kana. Sankha kuti akuwerengere m'ndalama ya dziko lomwe ulilo, kusinthako kuchitike kudzera ku Visa kapena Mastercard ndi banki yako, pakuti reti ya mwini makina imakhala yoipa kawirikawiri.

Ulendo uno ukafika, tsiku limodzi ulipereke ku banki, ulowe m'kati, osangothera pa makina a panja. Ufunse ngati khadi lako ndi lotsegulidwa kugwira ntchito kunja, malire ake pa tsiku ndi pa mwezi, ndi mndandanda wa zomwe amadula, akupatse wolembedwa. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja komwe kuli m'dziko muno, malire amenewa amasinthasintha, ndipo khadi lomwe linagwira ku Musina mwezi watha likhoza kukukana mwezi uno. Ndikuganiza kuti za ku Tete zinayambira pamenepo. Uonenso mwezi ndi chaka chomwe khadi likutha ntchito, zalembedwa pa khadi pomwepo. Nambala ya foni yotsekera khadi ulembe pa pepala, uike m'chikwama cha mapepala a thiraki. Foni ikabedwa limodzi ndi khadi, uyimba kuchokera pati?

Za foni zomwezo. Ukawoloka boda umachotsa simu ya kuno n'kuika ya kumeneko, ndikudziwa. Koma uthenga wa ku banki, wokuuza kuti ndalama zatuluka, umabwera pa nambala ya kuno. Simu imeneyo ikakhala m'thumba la malaya, wakuba akhoza kutapa masiku atatu iwe osadziwa. Foni yako ili ndi malo a simu ziwiri. Ya Airtel kapena TNM izikhalamo, roaming yotsegula kuti izigwira kunja, ngakhale usamayimbire.

Tsopano za mnzakoyu. Sindimutchula dzina, ukumudziwa. Akuti umamutuma ndi khadi kuti akakutapire iwe ukulondera thiraki. Mwana wanga, wapenga? PIN siuza munthu. Ndalama ikatuluka ndi PIN yolondola, banki imati watapa ndiwe, ndipo palibe mlandu ungawine. Munthu amene wakukongoza katapila uli pa mavuto, ameneyo ndiye womusungitsa khadi? Ndinamuona pa ukwati wako uja, m'mene ankayang'anira mbale ya pelekanipelekani, mtima wanga sunakhazikike.

Potapa, sankha makina a pa nthambi ya banki, masana, banki ili yotsegula. Makina akameza khadi pa malo omwetsera mafuta usiku, palibe wokuthandiza. Ndipo dziwa kuti khadi lakunja likamezedwa, kawirikawiri salibweza, umakatenga latsopano kuno. Ukalakwitsa PIN kawiri, leka, kachitatu amatseka. Ku South Africa akuba ake ndi aulemu, ovala bwino. Amaima pambali, n'kukuuza kuti makinawa akuvuta, bwera ndikuthandize. M'kamphindi komweko khadi lako walisintha ndi lina lofanana mtundu, mnzake kumbuyo waona zala zako. Wina akangoyandikira, dina batani lofiira, tenga khadi, uone ngati dzina lili pamenepo ndi lako, uchoke. Gwedeza polowetsa khadi usanalowetse. Pakagwedera kapena pakaoneka pomatidwa, pita kwina. Dzanja lina liziphimba polemba PIN, ngakhale uli wekha.

Zimachitikanso kuti makina alira ngati akuwerenga, osatulutsa kanthu, uthenga n'kubwera kuti ndalama zachoka. Usabwereze. Jambula makinawo ndi nambala yake, lemba tsiku, nthawi, malo ndi kuchuluka kwa ndalama, sunga karisiti ngati katuluka. Dandaulo umakapereka ku banki yako ya kuno, osati kwa eni makina. Nthawi zina zimabwerera zokha, nthawi zina zimatenga masabata.

N'chifukwa chake khadi lokha silokwanira. Mu Novembala 2018 makina ambiri a ku Mozambique anangoti zii kwa masiku angapo, anthu ndalama zili m'mabanki. Uzikhala ndi ya m'manja ya masiku atatu, yogawa pawiri, ina m'thumba, ina pobisika m'kabini. Podutsa Nyamapanda kupita ku Beitbridge, nyamula madola ang'onoang'ono, a 1, a 5 ndi a 10, oyera osang'ambika, chifukwa ong'ambika amakana ndipo chenji chimavuta. Airtel Money ndi Mpamba n'zabwino m'dziko muno, koma pa Mwanza kapena pa Songwe madzulo ejenti akhoza kukuuza kuti ndalama zamuthera, ndiye tapira m'tauni.

Anyamata osintha ndalama pa boda aja, lamulo siliwalola, ndipo akakubera sungapite ku polisi. Machenjera awo ndi amodzimodzi: akuwerengera, iwe uwerenga n'kupeza kuti zaperewera, iwo atenganso kuti awonjezere, pobweza achotsa zapansi. Sintha ku banki kapena ku bureau, usunge risiti, ufunsenso kuchuluka kwa ndalama zakunja zomwe ukuloledwa kuwoloka nazo. Mametikali otsala usamawasinthe kubwerera ku kwacha pamene sabata yamawa ukupitanso ku Beira, ukuluza kawiri.

Ndalama za kampani, za pa zipata zolipira ndi za pa boda, zikhale mu envelopu yakeyake ndi malisiti ake. Usadyeko ndi kobiri lomwe, ati ndibweza. Ambiri ntchito inawathera pamenepo.

Chomwe ndikufuna kwenikweni ndi ichi: tsegula akaunti yachiwiri. Malipiro azilowa ku yoyamba, khadi lake lizitsala pakhomo. Ya pa msewu uziikamo za ulendo umodzi basi, zikachepa uzisamutsa pa foni. Wakuba akatenga khadi limenelo watenga za sabata imodzi, fizi ya mwana yatsala. Mpongozi wathu amatha kusunga ndalama kuposa iwe, usakwiye, amayi akonso akutero.

Katapilayo ubweze mwezi uno usanagule china chilichonse, ndipo ngati mnzako uja PIN anaidziwa, usinthe lero. Pobwera utenge sitetimenti ya miyezi itatu ndi cholembera, tidzawerenge limodzi zomwe adula. Amayi ako akuti mafuta opaka mwendo aja atha, ukawaone ku Johannesburg.

Ndine,
Bambo ako