Kalata yodandaula pa ntchito yodzala ndi kusadzira mitengo ya m'mbali mwa msewu wathu

Kwa Mkulu wa Kampani,
Lilongwe.

Bwana,

Ndikulemba m'malo mwa komiti ya chitukuko ya m'dera lathu, yomwe inapatsa kampani yanu ntchito yodzala mitengo m'mbali mwa msewu wathu ndi kusadzira mitengo yakale yomwe ili mumsewu womwewo. Ndalama zomwe tinakulipirani zinasonkhedwa khomo ndi khomo, ndipo ena mwa osonkhawo ndi amayi ogulitsa tomato ndi mandasi, amene chawo chinali kufuna mthunzi basi. Ntchito yomwe munagwira ikusemphana ndi zomwe tinasainirana, ndiponso yaphwanya malamulo a khonsolo ya mzinda, omwe munatitsimikizira kuti mumawadziwa bwino.

Malo a pakati pa mpanda wa nyumba ndi msewu si a mwini nyumba. Ndi malo a msewu, ndipo kwathu kuno pansi pake pamadutsa paipi ya Lilongwe Water Board, pamwamba pake pali mawaya a ESCOM, pomwe pambali pake pali ngalande yotenga madzi a mvula. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zokhazikitsa malamulo oyendetsera mizinda yawo, n'chifukwa chake munthu sangangodzuka n'kudula mtengo wa m'mbali mwa msewu kapena kukumba maenje pamalo otere popanda chilolezo. Tikanafuna anthu ongokumba ndi kudula, aganyu sasowa m'dera lathu, ndipo akanatilipiritsa zochepa. Tinasankha inu, ngakhale ndalama zomwe munatchula zinali zambiri, chifukwa mumgwirizano munalemba kuti mudzatenga chilolezo ku nthambi ya khonsolo yoona za mapaki ndi zachilengedwe, mudzafunsa eni mapaipi ndi mawaya malo oyenera kupewa, kenako mudzatipatsa makalata ake. Makalatawo sitinawaone mpaka lero. Pamene ogwira ntchito ku khonsolo anafika kudzaona mitengo yomwe inadulidwa, anatiuza kuti pempho la msewu wathu silinafike ku ofesi yawo, ndipo amene anafunsidwa mafunso pamaso pa anthu ndi ife a komiti, osati inu.

Nkhani yomwe yatipweteka kwambiri ndi ya mitundu ya mitengo. Tinagwirizana kuti mbali ya msewu yopanda mawaya mudzale mbawa ndi msikidzi, mitengo yachilengedwe yokhalitsa ndiponso ya mthunzi wabwino, ndipo mbali ya mawaya mudzale mitengo yaifupi monga chitimbe. Mbande zomwe zinatsitsidwa m'galimoto yanu zambiri zinali malaina ndi bulugama, ndipo mbawa zochepa zomwe zinalipo anyamata anu anazidzala kunsi kwenikweni kwa mawaya. Aliyense wa nazale amadziwa kuti mbawa imakula kupitirira polo ya magetsi, kotero kuti mtengo wodzalidwa pamenepo udzakhala wodulidwa mutu moyo wake wonse, apo ayi udzagwetsa mawaya tsiku la mphepo. Malaina tikuwadziwa bwino anthu a mu Lilongwe. Mizu yake imayenda pamwamba, imatukula simenti ya ngalande ndi kung'amba mipanda ya njerwa, pansi pake sipamera kanthu kolongosoka, ndipo zipatso zake zikagwa n'kuwola zimanunkha ndi kuterera. Bulugama ndi wabwino kumunda wa mitengo ya milimo, koma amamwa madzi ambiri, amatalika kwambiri, ndipo kumudzala pamwamba pa paipi ya madzi akumwa ndi kuitana mavuto amene adzagwere ana athu. Sitikukayika chifukwa chomwe munachitira zimenezi: malaina ndi bulugama savuta kufesa ndipo mbande zake n'zotsika mtengo, koma pa lisiti lomwe munatipatsa panalembedwa mbawa, msikidzi ndi chitimbe.

Nthawi yodzalira nayo inalakwika. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma kuno ku chigawo chapakati mbande imafunika kulowa m'nthaka mvula itangokhazikika, m'Disembala kapena m'Januwale, kuti mizu igwire chinyezi chisanathe. Ife tinalipira m'Novembala. Inu munabwera kumapeto kwa Malichi, mvula ikutsanzika. Maenje omwe mgwirizano unanena kuti akhale masentimita 60 kuya kwake ndi m'lifupi mwake anali ongolowa khasu kamodzi, manyowa sanathiridwe, ndipo mbande zina titazizula zitauma tinazipeza zikadali m'machubu ake apulasitiki. Zotchingira za nsungwi zomwe munalonjeza sizinabwere, choncho mbuzi zinadya zomwe dzuwa linasiya, chiswe n'kumaliza zotsalazo. Kuthirira kwa m'chilimwe, komwe tinakulipiriranitu, sikunachitike. Akuluakulu amati mmera mpoyamba, ndipo mbande yodzalidwa chonchi siyingadutse kutentha kwa Okutobala.

Za mitengo yakale ndiye zomvetsa chisoni, pakuti mbande tikhoza kugula zina koma mtengo wa zaka makumi angapo sugulidwa. Tinapempha kuti muchotse nthambi zouma, zotchinga nyali za mumsewu, ndi zomwe zinkakhudza madenga a malole. Kusadzira koyenera n'kudula nthambi imodziimodzi pafupi ndi thunthu, mosasenda khungwa ndiponso mosasiya chiputu, kuti bala lipole lokha. Anyamata anu anadula mitu ya mitengo yonse ndi makina, n'kusiya mathunthu oima njo ngati mapolo. Mtengo wodulidwa chotere umatulutsa mphukira zambiri zosalimba zomwe zimathyoka ndi mphepo, ndipo madzi a mvula amalowa pabalapo n'kuyamba kuwoletsa mtima wa mtengo. Mitengo iwiri ya jakaranda, yomwe sinali pa mndandanda n'komwe, inagwetsedwa yonse, ndipo zipika zake zinakwezedwa m'galimoto yanu madzulo a tsiku lomwelo. Tikufuna kudziwa komwe zinapita, chifukwa mitengoyo sinali yanu ndiponso sinali yathu. Nthambi zing'onozing'ono ndi masamba, zomwe sizigulitsika ngati nkhuni, munazisiya m'ngalande mpaka kalavati inatsekeka. Ntchito yonseyi inagwiridwa pafupi ndi mawaya amoyo popanda kudziwitsa a magetsi kuti azimitse, ndipo ndi chisomo chokha kuti palibe amene anavulala.

Mwina mukuona ngati tikukulitsa nkhani yaing'ono. Anthu a mumzinda uno sanaiwale mmene msewu wa Kenyatta unaonekera mu 2021 mitengo yake itadulidwa pokuza msewuwo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mkokomo wa makina odulira mitengo umatulutsa anthu m'nyumba. Lamulo la nkhalango la 1997 nalo linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakwezedwa. Kampani yodya ndalama za mitengo siyenera kuchita kukumbutsidwa zimenezi ndi makasitomala ake.

Tayesa kulankhula nanu mwamtendere. Foni ya kapitawo wanu inasiya kuyankhidwa, ndipo titafika ku ofesi yanu tinauzidwa kuti mitengo imafa, ndi mmene zimakhalira. N'zoona kuti pa mbande zambiri zina zimafa ndithu, ndipo mgwirizano wathu unavomereza zimenezo pamene unanena kuti zakufazo mudzabwezeretsa m'chaka choyamba. Koma nyengo siyisintha mbawa kukhala malaina, ndiponso si nyengo yomwe inaiwala kupita ku khonsolo.

Chomwe tikufuna choyamba n'chakuti mupite nokha ku khonsolo, mukafotokoze kuti ntchitoyi munagwira ndinu popanda chilolezo, ndipo ngati pali chindapusa mulipire ndinu. Mukatero muzule malaina ndi bulugama omwe apulumuka, komanso mbawa za kunsi kwa mawaya, zomwe zikadali zazing'ono moti zikhoza kuwokeredwa mbali inayo. Mbande zoyenera zifike Disembala asanathe, maenje akumbidwe mvula isanayambe, ndipo pasakumbidwe dzenje ngakhale limodzi a khonsolo, a madzi ndi a magetsi asanaloze malo ake. Komiti idzaona mbande iliyonse isanadzalidwe. Ndalama za zotchingira, manyowa ndi kuthirira mutibwezere, kapena ntchitozo muzigwire popanda kutilipiritsanso. Pa mitengo yakale sitikufunanso anyamata omwe aja. Mutumize munthu wodziwa za nkhalango kuti aone yomwe ingachire ndi yomwe yasanduka chiopsezo kwa anthu odutsa, ndipo ngalande muichotse zinyalala zanu sabata ino.

Tikuyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera pomwe mwalandira kalatayi. Mukapanda kuyankha, tidzakatula dandaulo lathu ku bungwe loteteza ufulu wa ogula la Competition and Fair Trading Commission, pamodzi ndi mgwirizano, lisiti ndi zithunzi zomwe tinajambula ntchito isanayambe komanso itatha. Kalata yofanana ndi iyi tapereka kwa khansala wa dera lathu.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti ya chitukuko.