Maginito ang'onoang'ono tiyambe kuwapanga konkuno

Akonzi,

Ndimaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina kuno ku Thyolo. Chaka chilichonse ana anga ndimawaonetsa kukuta kiyi wakale ndi kopa: mankhwala a copper sulphate m'botolo la madzi, mabatire awiri, timawaya, basi. Kiyi uja akayamba kufiira, kalasi yonse imati zii.

Chimandiwawa n'chakuti timathera pomwepo. Chonsecho njira yomweyi ndi imene akatswiri amapakira maginito pa tizipangizo tosaoneka bwino ndi maso totchedwa MEMS, monga timaswitchi ndi timapampu. Amasakaniza mchere wa nikelo ndi wa ayironi m'madzi, n'kudutsitsa magetsi, ndipo pa kachidutswa ka silikoni, komwe kachipangizoko amakapangirapo, pamakhala kachikuto kopyapyala kuposa tsitsi. Dzina lake ndi permalloy, nikelo pafupifupi magawo 80 pa 100, otsalawo ayironi. Amakoka msanga magetsi akayaka, akazima n'kusiyanso msanga, n'chifukwa chake amamusankha pa kanthu kotseka ndi kutsegula.

Ovuta ndi maginito osataya mphamvu, opangidwa posakaniza chitsulo cha neodymium ndi ayironi ndi boron, aja timawapeza m'mahedifoni. Neodymium sakutika m'madzi ngati kopa wanga uja. Pamafunika makina a sputtering, omwe amawaza tizidutswa ta chitsulocho pa silikoni m'bokosi lochotsedwamo mpweya wonse, kenako kuwotcha kupitirira madigiri 600, moto wotha kuwononga timawaya ta aluminiyamu timene tili kale pa silikonipo. Dzimbiri nalo silichedwa kumugwira. M'chinyezi cha chiperoni chathuchi sangakhalitse popanda chomuphimba.

Tsonotu neodymium ameneyu ali m'nthaka yathu, ku Songwe Hill ku Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje uku, komanso ku Kangankunde ku Balaka. Nkhani ya migodi ikabwera timangokamba za matani ndi msonkho. Nanga amene adzadziwe kusandutsa mwalawo kukhala chipangizo ndani?

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a yunivesite ya MUST ku Ndata, kumene ana athu akuphunzira kale za zitsulo. Makina a sputtering ndi odula, ndikuvomereza. Koma kukuta permalloy m'madzi sikufuna chuma chotere. Yambirani pamenepo, ophunzira akute okha, ayeze okha, alakwitse, abwereze. Ndipo nthawi ya tchuthi mutiitaneko ife aphunzitsi a m'masekondale a Thyolo ndi Mulanje, ngakhale sabata imodzi, kuti tikabwerera m'kalasi tizipitirira pa kiyi uja. Ya minibasi yokafika ku Goliati ndidzalipira ndekha.

Mphunzitsi wa fizikisi,
Luchenza, Thyolo